Kodi tizirombo ta malungo tinatsalira mu ubongo wa mwana wanga?

"Adokotala, ndine mayi wa ku Zolozolo kuno ku Mzuzu. Mwana wanga wamwamuna wa zaka zinayi anapita ndi azakhali ake kwa agogo ku Chintheche nthawi ya holide. Atabwerako sipanathe masabata awiri, anayamba kutentha thupi. Tinamupatsa Panado masiku awiri. Tsiku lachitatu usiku anayamba kuphupha, kenako anangoti zii osadzukanso. Tinathamangira naye ku Central komwe anagona masiku atatu asakudziwa kanthu. Anatiuza kuti ndi malungo a mu ubongo, ndipo dokotala wina anati chotchinga cha pakati pa magazi ndi ubongo chinavulala. Papita masabata atatu chitulukireni. Akudya, akuyenda, koma sachedwa kupsa mtima, akumamenya anzake, ndipo mawu ena amene ankawatchula bwinobwino akumawasowa. Apongozi anga akuti tizirombo tinatsalira m'mutu. Bambo ake akufuna kugula mankhwala otsuka ubongo amene anawaona pa Facebook. Chotchinga chimenechi n'chiyani, nanga chimabwerera mwakale?"

Pepani kwambiri Mayi, usiku ngati umenewo kholo siliuiwala. Koma mtima ukhale pansi. Mwana amene anakomoka masiku atatu, lero n'kumadya yekha ndi kuyenda yekha, wapulumuka pamalo poopsa, ndipo ambiri otere amapitirira kuchira kwa miyezi ingapo. Apongozi anu muwauze mwaulemu kuti tizirombo ta malungo sitilowa mu ubongo weniweniwo ngakhale matenda atafika poipa bwanji. Timathera m'mitsempha ya magazi. Ngati mwana analandira jakisoni wa artesunate m'wodi, n'kumaliza LA wa masiku atatu pambuyo pake, tizirombo timeneto tinafa. Zimene mukuona panopa ndi mabala amene tinasiya.

Mu ubongo muli timitsempha ta magazi tating'ono kwambiri, topyapyala kuposa tsitsi, moti maselo ofiira a magazi amadutsamo pamzere, limodzilimodzi. Titati titilumikize tonse ta munthu wamkulu mmodzi tingafike makilomita pafupifupi 600. Kunsi kwa khoma la kamtsempha kalikonse, mbali imene imakhudzana ndi magazi, kuli maselo afulati oyalidwa mosanjikiza kamodzi kokha. Madokotala amawatcha endothelium. Maselo otere ali m'mitsempha ya thupi lonse, koma a mu ubongo ndi osiyana. M'minofu, m'chiwindi kapena mu impso, maselowa ali ngati mpanda wa bango, ali ndi mipata imene madzi ndi tinthu tina timadutsira mosavuta. Mu ubongo ali ngati mpanda wa njerwa womatidwa bwino, wokhala ndi mageti ochepa ndi alonda. Selo lililonse limagwirana ndi linzake ndi mapuloteni omata, ndipo otchuka mwa iwo ndi claudin-5 ndi occludin. Kunja kwake kuli maselo ena awiri owathandiza, ma pericyte amene amakumbatira kamtsemphako, ndi ma astrocyte amene amapondetsa timiyendo tawo mozungulira. Zonsezi pamodzi ndiye chotchinga chimene dokotala uja ankanena. Anthu ambiri akamva amaganiza kuti ndi chikopa chimodzi chokuta ubongo kunja. Ayi, chili mkati, paliponse pamene pali kamtsempha.

Ubongo umafunika chitetezo chotere chifukwa maselo ake amatumizirana mauthenga ndi timphamvu ta magetsi tochepetsetsa, todalira mlingo wa michere ina monga potaziyamu. Mlingowo ukasintha pang'ono pokha munthu amasokonezeka kapena kuphupha. Magazi athu amasinthasintha tikadya, tikathamanga, tikadwala, koma madzi ozungulira maselo a ubongo amayenera kukhala chimodzimodzi usana ndi usiku. Ubongo ndi wosusukanso. Umalemera magawo awiri okha pa 100 a thupi la munthu wamkulu koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zake, ndipo mwa mwana wa msinkhu wa wanuyo umadya oposa pamenepo. Choncho maselo oyala aja ali ndi ntchito ziwiri zotsutsana, kutseka ndi kudyetsa. Mpweya umangodutsa. Shuga ali ndi khomo lakelake lotchedwa GLUT1. Tinthu tina tikalowa mozemba, pali mapampu monga P-glycoprotein amene amatibwezera m'magazi. Zosungunuka m'mafuta zokhala zazing'ono ndiye zimalowa popanda wozifunsa: mowa, chikonga cha mu fodya, kafini wa mu khofi. N'chifukwa chake kachasu amafika kumutu m'mphindi zochepa, n'chifukwa chakenso Piriton amagonetsa pamene mnzake wa ntchito yomweyo wotchedwa cetirizine, amene salowa kwambiri, sagonetsa motero.

Zimenezi zinayamba kudziwika kalekale. Mu 1885 Paul Ehrlich wa ku Germany anabaya utoto m'magazi a nyama, ziwalo zonse n'kusintha mtundu kupatula ubongo. Wophunzira wake Edwin Goldmann anathira utotowo m'madzi ozungulira ubongo mu 1913, ubongo wokha n'kuda, thupi osasintha. Koma zoti chotchingacho ndi maselo oyala aja zinatsimikizika mu 1967, pamene Thomas Reese ndi Morris Karnovsky anaziona ndi makina amphamvu okulitsa zinthu.

Tsopano nazi zimene zinachitika mwa mwana wanu. Kachirombo ka malungo oopsa, Plasmodium falciparum, kamakhala mkati mwa selo lofiira la magazi n'kumakula kwa maola 48 kasanaliphulitse. Kapamba, chiwalo chimene chili kumanzere pansi pa nthiti, chimasefa magazi ndi kuwononga maselo odwala otere. Pofuna kuzemba sefa imeneyi, kachiromboko kamameretsa timatuza kunja kwa selo lofiiralo, pamwamba pake n'kuikapo puloteni yomata yotchedwa PfEMP1. Ndiye selo lodwalalo limakakamira pa khoma la kamtsempha osayendanso. Mitundu ina ya puloteni imeneyi imakonda kugwira pamalo awiri a maselo oyala a mu ubongo, otchedwa ICAM-1 ndi EPCR. Pachiwiripa ndi poipa kwambiri, chifukwa EPCR ntchito yake ya masiku onse ndi kuletsa magazi kuundana ndi kuziziritsa kutupa. Kachirombo kakakhalapo, ntchito imeneyo imaima.

Taganizani maselo odwala mamiliyoni atakakamira m'timitsempha tothina kale. Magazi amayenda movutikira, mpweya ndi shuga zimafika zochepa, timagazi timaundana apa ndi apo. Asilikali a m'thupi amabwera ndi mankhwala awo olimbana ndi mdani, amene amapsereza ndi maselo oyala omwe. Mapuloteni omata aja amalekana, madzi a m'magazi n'kuyamba kuchucha kulowa mu ubongo, ndipo malo ena timitsempha timaphulika n'kusiya timadontho ta magazi. Ubongo umatupa. Chigaza cha mwana wa zaka zinayi chinatsekeka kale, sichifutukuka, choncho ubongo wotupawo umakanikizira pansi, kumene kuli gawo loyendetsa kupuma.

Zambiri zimene dziko lonse likudziwa pa nkhaniyi zinapezeka kuno kwathu, m'wodi ya ana pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux ndi amene anakonza njira yoyezera kuya kwa chikomokere cha mwana, imene mpaka lero imatchedwa Blantyre Coma Score. Mwina munaona namwino akukanikiza chikhadabo cha mwana wanu ndi cholembera, kapena akumutikita pachifuwa ndi chibakera, n'kumayang'ana ngati alira, ngati achotsa dzanja, ngati maso atsatira nkhope yanu. Sankamuzunza, ankawerengera malikisi kuyambira 0 mpaka 5. Pa chipatala chomwecho, kafukufuku wotsogozedwa ndi Karl Seydel amene anasindikizidwa mu 2015 anajambula ndi makina a MRI ubongo wa ana 168 odwala malungo amenewa. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa amene anachira, otupa motero anali 27 pa 100 alionse, ndipo kutupako kunaphwa kokha. Zinaonetsa kuti chimene chimapha ana ambiri ndi kuima kwa kupuma chifukwa cha kutupako.

Pali chinthu china chimene ndimakonda kuonetsa ophunzira m'wodi. Kuseri kwa diso kuli timitsempha tokhala ndi maselo oyala ofanana ndi a mu ubongo, ndipo ndi malo okhawo amene tingawaone mwana ali moyo popanda makina odula. Timadonthezera mankhwala okulitsa mwanadiso, timazimitsa magetsi kapena kutseka makatani, n'kusuzumira ndi katochi kapadera. Mwa mwana wa malungo a mu ubongo mumaona timawanga toyera ngati pathiridwa ufa, timadontho ta magazi toyera pakati, ndi timitsempha tina tosanduka tachikasu kapena toyera m'malo mofiira, chifukwa tadzaza maselo amene tizirombo tadya kale zofiira zake. Susan Lewallen ndi anzake anazifotokoza ku Blantyre komweko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kuyeza kumeneku n'kofunika chifukwa kuno ana ambiri amayenda ndi tizirombo m'magazi osadwala. Kafukufuku wa mu 2004 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amene anamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo anali atafa ndi matenda ena. N'chifukwa chake timapemphanso kutenga madzi a pamsana, kuti tione ngati si matenda oumitsa khosi. Ndikudziwa mantha amene anthu ali nawo, akuti wotengedwa madzi a pamsana sadzuka. Amene timawatenga madziwo amakhala odwala kale kwambiri, ndiye akamwalira anthu amaloza singano. Makolo akakana, timangoponya mankhwala mumdima.

Mungafunse kuti bwanji sitingomupatsa mwana mankhwala ophwetsa kutupako. Anayesedwa. Dexamethasone anayesedwa ku Thailand mu 1982 ndipo odwala anakhala chikomokere nthawi yaitali kuposa osalandira. Mannitol anayesedwa pa ana ku Uganda, sanathandize. Chimene chimagwira ntchito mpaka lero ndi kupha tizirombo msanga, kuletsa kuphupha, kukweza shuga akatsika, kuika magazi akachepa, ndi unamwino wabwino kufikira maselo oyala atadzikonza okha. Artesunate amaposa kwinini chifukwa amapha tizirombo tikadali tating'ono tisanayambe kumata, ndipo kafukufuku wamkulu wa m'maiko a mu Africa mu 2010 anaonetsa kuti amachepetsa imfa za ana ndi magawo oposa 22 pa 100 poyerekeza ndi kwinini. Ngakhale zili choncho, ana 15 mpaka 20 pa 100 alionse ofika pokomoka amatisiyabe.

Apa mundilole ndinene za Panado, osati pokudzudzulani, poti pafupifupi nyumba iliyonse imachita chimodzimodzi. Panado amatsitsa kutentha koma sakhudza kachirombo, ndipo masiku awiri ndi nthawi yokwanira yoti tizirombo tichulukane kangapo. Ana okulira kuno kumtunda kozizira salumidwa kawirikawiri ngati anzawo a ku Chintheche, Nkhata Bay kapena Karonga, choncho matupi awo sanazolowere kulimbana nato. M'zaka zimene ndagwira m'wodi ya ana, nkhani ya "anangopita kunyanja kwa agogo" ndaimva mobwerezabwereza. Mwana aliyense wotentha thupi atachoka kunyanja ayezedwe magazi a pachala tsiku lomwelo. Kumudzi kotalikira chipatala, alangizi a zaumoyo ena amakhala ndi artesunate woika kumbuyo, wa ana osakwana zaka 6, wongogulira nthawi ya panjira.

Nanga chotchingacho chimabwerera? Inde. Maselo oyala ndi amoyo, amadzikonza, amapanganso mapuloteni omata, ndipo ena amabadwa atsopano. Tizirombo tikafa, kuchucha kumaleka ndipo kutupa kumaphwa m'masiku ochepa. Kudzuka kwa mwana wanu ndi umboni wake. Chimene chimachedwa ndi maselo a ubongo amene anali kuseri kwake pamene mpweya unkaperewera ndi pamene ankaphupha. Amenewo sabadwanso mosavuta, koma ubongo wa mwana umatha kulambula njira zatsopano zodutsa pambali pa malo ovulala, ndipo pa msinkhu umenewu umachita bwino kuposa wa ife akuluakulu.

Sindikubisirani chiwerengero. Kafukufuku wa Gretchen Birbeck ku Blantyre, wosindikizidwa mu 2010, anatsatira ana 132 opulumuka. Pafupifupi mmodzi mwa atatu anatsala ndi vuto lina, kaya la khalidwe, la kulankhula, la kuyenda kapena khunyu, ndipo a khunyu anali 9 pa 100. Ukali, kusakhazikika ndi kumenya anzake zili m'gulu lomwelo, ndipo ndi zimene makolo amadandaula nazo kwambiri. Mwanayo sanasanduke wamwano, ndiponso sanalodzedwe. Gawo la ubongo lothandiza munthu kudzigwira ndi limene latopa. Kumukwapula kumangoonjezera moto. Masabata atatu ndi oyambirira kwambiri, ndipo ndaona ana ambiri amene pa mwezi woyamba anali olusa, pofika miyezi 6 ali bwinobwino ku sukulu ya mkombaphala. Ena ndithu amafunika thandizo kwa zaka.

Kunyumba chitani zinthu wamba koma mosalekeza. Azigona nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ndipo azigona mokwanira. Muzilankhula naye kwambiri, kumutchulira zinthu pamene mukuphika kapena kuchapa, kuimba naye, osamuseka kapena kumumalizira mawu mwachangu akamasakasaka. Akalusa muchotseni pagulu, akhale nanu pambali mpaka mtima utatsika. Yesaninso makutu ake: muitaneni motsitsa muli kumbuyo kwake, mbali iyi kenako inayo, chifukwa ana ena amene timati asiya kulankhula amakhala kuti sakumva bwino. Onani ngati akukoka mwendo umodzi, ngati wayamba kugwiritsa ntchito dzanja limene sankaligwiritsa, kapena ngati akugunda zinthu poyenda. Zimenezi muzilembe ndi madeti ake, mupite nazo pamodzi ndi buku lake la kuchipatala pa tsiku limene anakupatsani. Ku Central kuli a mafizo, ndipo a St John of God kuno ku Mzuzu amathandiza ana a mavuto a kakulidwe ndi khalidwe. Ngati mawu sakubwerera pofika miyezi itatu, kapena akucheperachepera m'malo mowonjezeka, pemphani kuti akutumizeni kumeneko.

Pali zina zosadikira tsiku la kuchipatala. Akatenthanso thupi, akaphupha ngakhale kamodzi, akamasanza chilichonse, akamagona mosadzutsika, kapena akauma khosi, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Yang'ananinso zikhatho ndi mkati mwa zikope. Ana ena magazi amawathera pakatha sabata imodzi mpaka atatu chilandirireni artesunate, ndipo mumaona kuyera kwa zikhatho, maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka ndi kupuma mwabefu. Khunyu nalo likhoza kuyamba patatha miyezi, ndipo silibwera ndi kugwa nthawi zonse. Nthawi zina mwana amangoti maso tong'o kwa kamphindi osayankha, kapena kamwa ndi chala zimangonjenjemera. Akagwa mugonekeni chammbali, muchotseni pafupi ndi mbaula, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu. Kuphupha kukapitirira mphindi 5 musadikirenso kuti kuleke, thamangirani naye kuchipatala msangamsanga. Khunyu lili ndi mankhwala, ndipo silipatsirana.

Za mankhwala a pa Facebook, bambo ake andimvetse. Vuto lalikulu la madokotala padziko lonse ndi kupeza mankhwala otha kudutsa chotchinga chimenechi, chifukwa chimakaniza ochuluka zedi. Chitsanzo tili nacho pafupi pompano. Ku Rumphi, m'midzi yozungulira Vwaza, kashembe amafalitsa matenda a kaodzera, ndipo kachirombo kake, mosiyana ndi ka malungo, kamaboola chotchingacho n'kulowa mu ubongo weniweni. Suramin amene amakapha kali m'magazi sangakatsatire kumeneko. Kwa zaka zambiri chimene chinalipo ndi melarsoprol, jakisoni wa poizoni wa arsenic wowawa ngati moto, amene payekha ankapha odwala pafupifupi 5 pa 100. Mapiritsi a fexinidazole anayesedwa pa chipatala cha Rumphi ndi ku Uganda, ndipo anavomerezedwa pa mtundu wa kaodzera wa kuno kumapeto kwa 2023. Ngati akatswiri anavutika zaka zonsezo, botolo la munthu wosadziwika silingatsuke ubongo. Likakhala lopanda kanthu mwataya ndalama. Likakhala ndi kanthu kolowadi mu ubongo, mwapatsa mwana amene angathe kuphupha chinthu chimene simukuchidziwa mlingo wake, ndipo chiwindi ndi impso zake zangochoka kumene pa ntchito yaikulu. Mu ubongo wake mulibe litsiro loti lichotsedwe.

Poti nkhaniyi yafika kwa apongozi, nawonso ikuwakhudza. Mwa akuluakulu, maselo oyala omwewa amawonongeka pang'onopang'ono ndi kuthamanga kwa magazi, shuga ndi fodya. Timitsempha timauma, timachucha pang'ono kwa zaka, ndipo mapeto ake ndi sitiroko kapena kuiwalaiwala kwa ukalamba. Mukamapita ndi mwana, atengeni akayezetse BP.

Ndalama imene bambo ake anakonzera botolo lija igule mazira, usipa, nsinjiro ndi zipatso, ina isungidwe ya thiransipoti yobwererera kuchipatala. Mwanayo azigona m'neti usiku uliwonse ngakhale kuno kuzizire bwanji, chifukwa kudwala malungo a mu ubongo kamodzi sikumuteteza kuti asadzadwalenso, ndipo miyezi yoyamba atatuluka m'chipatala ndi imene ana otere amabwereranso kwambiri. Ngati anaikidwa magazi m'wodi, funsani adokotala za mankhwala oteteza malungo omwa mwezi ndi mwezi kwa miyezi ingapo atatuluka, amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linayamba kulimbikitsa mu 2022. Ngati ali ndi mng'ono wake wakhanda, funsani ku sikelo ngati katemera wa malungo akuperekedwa kumeneko. Malawi ndi dziko loyamba kumuyamba, mu April 2019, ndipo mwana amalandira kanayi kuyambira ali ndi miyezi 5. Katemerayu amachepetsa malungo oopsa koma sawathetseratu, choncho wobayidwa nayenso akatentha thupi ayezedwe magazi.